Fumbi lofiira pa mabawuti

Mukafika pa chipata cha Mwanza, suzumirani kunsi kwa mathiraki ochokera ku Tete. Pa mabawuti ndi pakati pa masipuling'i mudzaona fumbi lofiirira. Ambiri amati ndi dzimbiri la mvula, koma nthawi zina mvula ilibe mlandu. Galimoto ikamanjenjemera, zitsulo zomangidwa pamodzi zimapekesana mosaoneka ndi maso. Tizidutswa timanyotsoka, n'kuchita dzimbiri, n'kumadya chitsulo chomwe tachokera.

Nanga maginito akakhala pafupi ndi zitsulo zopekesanazo, amachita chiyani? Amagwira tizidutswa tachitsuloto kuti tisatayike. Apa mpamene pamandidabwitsa ine. Fumbilo likaperedwa n'kusalala, limayala kachikuto koteteza, ndipo zitsulo zimadyeka mochedwa. Likakhala lokhakhala, ndiye kuti maginito asunga mdani m'nyumba, kudyekako kumakula. Ofufuza apezanso kuti mphamvu ya maginito imafulumizitsa dzimbiri pomwe zitsulo zikupekesana.

Si nkhani yakutali. Sitima za malasha zodutsa m'boma la Mwanza kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala zimakankhidwa ndi mamota amagetsi, okhala ndi mphamvu ya maginito, pafupi penipeni ndi mawilo.

Makaniko wondiuza kuti "ingopukutani, bwana" sindimumvera. Amange bawutiyo zolimba, apake girizi.