Vayolini akakumana ndi marrabenta, kaligo asaiwalike

Munthu wa ku Moatize kapena ku Zóbuè akamva za chionetsero cha nyimbo, amaganiza za magitala, ng'oma ndi zokuzira mawu zogonthetsa m'khutu. Koma kuli chionetsero china chimene ambiri kuno sanachionepo, pamene vayolini amaimba nyimbo zovinika za makono.

Mu mzinda wa Maputo muli gulu la achinyamata lotchedwa Xiquitsi. Gululi linayamba m'chaka cha 2013, pansi pa bungwe la Kulungwana, ndipo analitsogolera ndi Mayi Eldevina Materula, amene m'chaka cha 2020 anasankhidwa kukhala nduna yoona za chikhalidwe ndi zokopa alendo. Dzina la gululi analitenga ku chipangizo cha makolo chija chomangidwa ndi timabango, chokhala ndi njere m'kati, chimene kuno timati chisekese.

Wolowa m'holo kukaonera oimba otere amadabwa poyamba ndi bata. Oimba amakhala pamipando, mapepala a nyimbo ali patsogolo. Asanayambe, mmodzi amaliza liwu limodzi, ndipo onse amakunga nsambo zao kuti zigwirizane nalo. Kenaka zii! Ngakhale wachifuwa amayesetsa kudzigwira.

Akayamba nyimbo zakale za ku Ulaya, anthu amangomvetsera ali duu, osaomba m'manja kufikira nyimbo yonse itatha. Koma akatembenukira ku nyimbo za kwathu, monga marrabenta, zinthu zimasintha. Mavayolini ang'onoang'ono amatenga mbali ya woimba ndi pakamwa, chivayolini chachikulu chogwirira pakati pa miyendo chimaguguda ngati gitala la besi, ndipo omvera amayamba kugwedeza mapewa.

Njira imeneyi anaitchukitsa ndi anyamata anayi a ku South Africa otchedwa Soweto String Quartet: abale atatu a banja la Khemese, Sandile, Reuben ndi Thami, pamodzi ndi mnzao Makhosini Mnguni. M'chaka cha 1994 anatulutsa chimbale chotchedwa Zebra Crossing, momwe anasakaniza kaimbidwe ka vayolini ndi nyimbo za m'makomboni monga kwela. Kwela si wachilendo kwa anthu a m'malire a Zóbuè ndi Mwanza, poti Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anatchuka naye ku Malawi.

Komatu uta wokhwekhweretsa pa nsambo sunabwere ndi Azungu. Makolo athu anali ndi kaligo, wa nsambo imodzi yokha pamene vayolini ali nazo zinayi, ndipo ankaimbira nyimbo zodandaula, zolangiza ndi zonyogodola mbeta ndi alesi. Analinso ndi bangwe. Lero achinyamata oimba zipangizo zimenezi ngowerengeka, ndipo nkhalamba ikatsikira kuli chete, luso limapita nayo kumanda. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Vuto lina ndi mtunda. Kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo pamseu ndi makilomita oposa 1,500, ulendo umene mwana wa mlimi wa ku Zóbuè sangaulote. Chonsecho Moatize ndi boma la malasha, amene akhala akutumizidwa kunja ochuluka chiyambire m'chaka cha 2011. Ngati malasha amatha kukafika kutsidya kwa nyanja pa sitima, kodi mavayolini ochepa ndi mphunzitsi mmodzi angalephere kufika m'masukulu a kuno?

Eni makampani, a mipingo ndi aphunzitsi akhoza kuyambapo osadikira a ku likulu. Aitane oimba otere adzaonetse luso lao kuno, ndipo pa tsikulo gogo woimba kaligo apatsidwenso mpando pa nsanja yomweyo. Ana akaona ndi maso ao, ena adzafuna kuphunzira zonse ziwiri. M'mera mpoyamba.