Pulogilamu ikakana kumangika, vuto limakhala pati?

Anthu amene amasewenzetsa Linux nthawi zina amapeza kuti pulogilamu imene afuna ilibe phukusi lokonzeka kale, motelo afunika kuimanga okha kucokela ku source code. Amalemba ./configure, kenako make, ndipo kompyuta imatulutsa mizele yambilimbili n'kuima pa mau akuti "Error 2".

Mzele wothela umenewo ndi make cabe imene ikudziwitsa kuti nchito yaima. Colakwa ceniceni cili pamwamba, pamzele woyamba wokhala ndi liu lakuti "error". Zolakwa zotsatila nthawi zambili zimabadwa kucokela ku coyambaco. Ngati munalemba make -j8, nchito zisanu ndi zitatu zimayendela pamodzi ndipo mauthenga ao amasakanizika. Bwelezani ndi make -j1 kuti muone bwino.

Kawilikawili cimene casowa ndi fayilo ya header. Uthenga wakuti "openssl/ssl.h: No such file or directory" umadabwitsa anthu cifukwa OpenSSL imakhala ilimo kale m'kompyuta. Koma zimene zilimo ndi zoyendetsela pulogilamu, osati zomangila. Pa Debian ndi Ubuntu mufunika kuika libssl-dev, pa Fedora openssl-devel. Mau akuti "undefined reference to" amacokela kwa linker: zidutswa zamangika, koma library yozilumikiza nayo sinachulidwe kapena sinapezeke.

Palinso vuto lina limene limakhumudwitsa kwambili, pakuti womangayo sanalakwitse ciliconse. Compiler imasintha malamulo ake. GCC 10, ya mu 2020, inaleka kulola variable imodzi kukhazikitsidwa m'mafayilo angapo, ndipo mapulogilamu akale a C anayamba kuima pa "multiple definition of". Kuonjezela -fcommon ku CFLAGS kumabwezela kacitidwe kakale. Mu 2024, GCC 14 inasandutsa "implicit declaration of function" kukhala colakwa, pamene kale linali cenjezo cabe. Apa ndi bwino kuyamba mwafunafuna mtundu watsopano wa pulogilamuyo, cifukwa kutontholetsa compiler kumangobisa cilema cimene cikhoza kudzagwetsa pulogilamu ikuyenda.

Mukaona mau akuti "Killed signal terminated program cc1plus", musafufuze mu code. Memory ndiyo yatha. Cepetsani nambala ya pa -j kapena onjezelani swap.