Purple loosestrife: duwa losavuta kufesa koma loopsa ku madambo athu

Anthu okonda maluwa mumzinda wa Lilongwe masiku ano sadalira okhawo amene amagulitsa mbande m'machubu m'mphepete mwa misewu. Ena amaitanitsa njere pa intaneti, ena amatuma abale a ku Johannesburg kapena ku London kuti awatengereko kapaketi. Limodzi mwa maluwa okopa maso pazithunzi ndi purple loosestrife, limene asayansi amalitchula kuti Lythrum salicaria. Limatalika mpaka mamita 2, ndipo nsonga zake zimadzaza timaluwa tamtundu wapepo timene njuchi zimatikonda kwambiri.

Kufesa kwake sikulira ukatswiri. Njere zake n'zazing'ono ngati za fodya, ndipo sazikwirira ayi. Amangoziwaza pamwamba pa dothi lonyowa chifukwa zimafuna kuwala kuti zimere. Kwawo ku Ulaya ndi ku Asia njerezi zimagona m'nthaka nyengo yonse yachisanu, n'chifukwa chake olima maluwa ena amayamba aziika m'firiji kwa milungu ingapo. Kukafunda kufika madigiri 15 mpaka 20, zimamera mwamsanga, bola chinyontho chisachoke.

Kumera kosavutaku ndiye gwero la vuto. Tsinde limodzi lokhwima limatha kubala njere zoposa 2 miliyoni pachaka. Njerezo zimayenda ndi madzi, zimamatirira pamatope a kumapazi a mbalame, kunsapato ndi kumatayala, ndipo zimakhala zamoyo m'nthaka kwa zaka zingapo. Muzu wake umalimba ngati mtengo n'kumaphukira mphukira zambirimbiri chaka ndi chaka. Ngakhale kachidutswa ka muzu kotsalira pozula kamaphukanso. Likakhazikika m'dambo limapanikiza bango ndi udzu wachilengedwe, ndipo mbalame, achule ndi nsomba zimasowa pobisala ndi poswera.

Anthu a ku America ndi Canada analiona tsokali. Duwali linafika kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, lina m'dothi lolemeretsa sitima zapamadzi, lina m'manja mwa okonda maluwa ndi mankhwala azitsamba. Linalanda madambo ambiri, mpaka mu 1992 akatswiri anayamba kumwaza tizilombo ta mtundu wa Galerucella tochokera ku Ulaya kuti tizidya masamba ake. Bungwe la IUCN linaliika pamndandanda wa zamoyo 100 zowononga kwambiri zikalowa kumalo achilendo. Ku South Africa linapezeka mumtsinje wa Liesbeek ku Cape Town, ndipo malamulo a dzikolo amaletsa kulidzala kapena kuligulitsa.

Tsono taganizirani za Area 13 mumzinda wa Lilongwe. Maofesi, mabanki ndi mahotela a ku City Centre ali ndi minda ya maluwa yothiriridwa chaka chonse. Mvula ikagwa, ngalande za kumeneko zimatsira mumtsinje wa Lingadzi, umene umadutsa m'nkhalango ya Nature Sanctuary n'kukathira mumtsinje wa Lilongwe. Madziwo amakakumana ndi Linthipe mpaka kukafika m'nyanja ya Malawi ku Salima. M'njira monsemo muli madimba a ndiwo zamasamba ndi madambo odyetserako ng'ombe. Njere yothawa pabwalo la ofesi imodzi ili ndi msewu wautali woyendamo popanda woiimitsa.

Amalawi sitikusowa chitsanzo. Namasupuni, amene kwawo ndi ku South America, anafalikira m'mayiko ambiri chifukwa anthu ankakopeka ndi maluwa ake. Atalowa mumtsinje wa Shire anatseka madoko a asodzi, ndipo iye pamodzi ndi zinyalala zina amatseka makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. M'zaka za m'ma 1990 dziko lino linabweretsa tianankafumbwe ta mtundu wa Neochetina kuti timuchepetse, komabe mpaka lero ntchito yovuula zomera za m'madzi pa Kamuzu Barrage ku Liwonde sinathe. Kuzima kwa magetsi kumene kumabwera chifukwa cha zimenezi kumakhudza chipatala, chigayo ndi mwana wowerengera mayeso.

Malamulo oteteza zomera m'dziko muno amafuna kuti aliyense wolowetsa mbewu kapena njere kuchokera kunja akhale ndi chilolezo cha nthambi yofufuza zaulimi. Lamuloli silisankha kukula kwa paketi. Ofuna maluwa a pamalo onyowa angafunse uphungu kubungwe la National Herbarium and Botanic Gardens, lomwe linakhazikitsidwa mu 1987 ndipo lili ndi minda ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Kumeneko angaone zomera za m'dziko lathu lomwe lino, zozolowera nthaka ndi nyengo yathu.

Ngati duwali lili kale pakhomo panu, dulani nsonga zake njere zisanakhwime, muziike m'thumba, ziume, kenako muziotche. Zulani muzu wonse, ndipo musataye zotsalira kudzala, pamulu wa manyowa kapena mungalande. Pitirizani kuyang'ana pamalopo nyengo zamvula zotsatira, chifukwa njere zotsalira zimameranso.

Inu eni nyumba, oyang'anira maofesi ndi ogwira ntchito m'minda ya maluwa, musanafese njere yachilendo iliyonse yambani mwafufuza dzina lake ndi mbiri yake. Purple loosestrife musalidzale m'Malawi muno.