Kopeza mafunso odalirika a kafukufuku

Wophunzira wa kuyunivesite akafika pochita kafukufuku wa digiri yake, kawirikawiri amakhala pansi n'kupeka yekha mafunso okafunsa anthu. Vuto la mafunso otere ndi lakuti palibe umboni woti akuyezadi chomwe mwiniwake akufuna kuyeza, ndipo zotsatira zake n'zovuta kuzifananiza ndi za ofufuza ena. Thukuta la miyezi yambiri likhoza kupita pachabe.

Komatu mafunso ambiri adakonzedwa kale ndi akatswiri ndipo adayesedwa pa anthu ochuluka. Njira yowapezera ndi nkhokwe za pa intaneti zomwe malaibulale amalumikizako owerenga awo.

Imodzi mwa nkhokwezi ndi APA PsycTests ya bungwe la American Psychological Association, yomwe imasunga mayeso ndi mafunso okhudza maganizo ndi khalidwe la munthu, ambiri mwa iwo athunthu. Ina ndi Mental Measurements Yearbook, yomwe idayamba kutuluka mu 1938 ndipo imasindikizidwa ndi Buros Center for Testing ku Nebraska, m'dziko la America. Iyi sipereka mafunso enieniwo, koma ndemanga za akatswiri zounika mphamvu ndi zofooka za mayeso. Ziwirizi n'zolipira, pomwe ERIC, ya zamaphunziro, ndi PubMed, ya zaumoyo, aliyense akhoza kusakamo mwaulere. Kuno ku Malawi, sukulu zaukachenjede zimathanso kuwerenga magazini ambiri a akatswiri kudzera mu Research4Life, choncho woyang'anira laibulale ndiye woyamba kumufunsa.

Popeza nkhokwezi ndi za m'Chingerezi, wofufuza amalemba mutu wake m'chiyankhulocho n'kuphatikizapo mawu monga questionnaire, scale kapena inventory. Akapeza nkhani yogwirizana ndi mutuwo, amawerenga gawo lofotokoza momwe kafukufuku adachitikira, chifukwa m'menemo ndimo mumatchulidwa dzina la mafunso omwe adagwiritsidwa ntchito. Nthawi zina mafunso athunthu amakhala kumasamba omaliza a zolemba za ophunzira a madigiri apamwamba.

Kuwapeza sindiye kuti ntchito yatha. Choyamba ndi chilolezo. PHQ-9, ndandanda ya mafunso 9 oyezera matenda okhumudwa, imagwiritsidwa ntchito mwaulere, koma Beck Depression Inventory ndi yogula, ndipo kuikopera popanda chilolezo ndi kuphwanya lamulo la umwini.

Chachiwiri ndi chiyankhulo. Funso lomveka bwino ku London likhoza kusokoneza mayi wa ku Thyolo. N'chifukwa chake munthu mmodzi amamasulira mafunso m'Chichewa, wina n'kuwabwezera m'Chingerezi kuti aone ngati tanthauzo silidasokonekere, kenako amawayesa pa anthu ochepa. Ena, monga SRQ-20 ya bungwe la World Health Organization, adamasuliridwa kale m'Chichewa ndi kuyesedwa m'dziko muno. Wofufuza amene wayamba wasaka otere amapulumutsa nthawi ndi ndalama, ndipo zotsatira zake zimakhala ndi poimira akafunsidwa ndi aphunzitsi ake.