Munda wokana feteleza

Kwa mlimi wa ku Mponela kapena ku Lunzu, nthaka yoguga ndi tsoka. Dzinja likamayandikira mtima umakhala m'mwamba kusakasaka thumba la feteleza, ndipo amene walipeza ndiye amagona tulo. Koma ku Britain kuli anthu amene amaononga ndalama zawo kuti nthaka isauke. Ena amafika popala dothi lachonde lapamwamba n'kukalitaya kutali. Sikuti mitu idawazungulira ayi. Akufuna kubwezeretsa madambo a maluwa akutchire amene dziko lawo lidataya.

Kale mlimi wa kumeneko ankapatula gawo la malo ake kuti pamere udzu wodyetsa ng'ombe ndi mahatchi m'nyengo yachisanu. Udzuwo ankaumweta kamodzi pachaka, n'kuuyanika, n'kuututa. Sankathirapo kanthu kwenikweni, choncho udzu sunkakula modzikweza ndipo maluwa amitundumitundu ankapeza popumira. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939, boma lidalamula kuti malo ambiri otere agaulidwe kuti anthu asafe ndi njala. Nkhondo itatha kudabwera mathirakitala, feteleza ndi mankhwala ophera udzu. Akatswiri amati mwa madambo 100 alionse a maluwa amene adalipo m'zaka za m'ma 1930, okwana 97 adatha. Njuchi ndi agulugufe zimene zinkadya m'menemo, zomwenso zimanyamula mungu m'minda ya zipatso ndi nyemba, zidasowa pogwira.

Feteleza amalakwanji? Iye sasankha woti amudyetse, koma amene amatha kumumeza msanga ndi udzu. Ukangomulawa umakula mwachangu, n'kutchinga dzuwa, maluwa aja n'kufera pansi. Panthaka yosauka udzu umakhala wofooka, ndipo m'pamene duwa laling'ono limadzutsa mutu.

Chitsanzo chodziwika chili ku King's College, pa yunivesite ya Cambridge. Kuseri kwa tchalitchi chotchuka cha pakolejipo kuli bwalo la kapinga limene lakhala likumetedwa kuyambira mu 1772, ndipo mlendo wamba saloledwa kupondapo. Mu 2019 akuluakulu a kolejiyo adalola kuti gawo la bwaloli lifesedwe mbewu za maluwa akutchire, ndipo mu 2020 padachita maluwa koyamba. Kafukufuku amene adatsogolera Dr Cicely Marshall, yemwe adatuluka mu 2023, adapeza kuti mitundu ya zomera, akangaude ndi tizilombo tina idali yochuluka pafupifupi katatu pagawo la maluwa poyerekeza ndi pakapinga wometedwa. Nayo mileme inkabwera kudzadya pamenepo kawirikawiri.

Kufesa kuli ndi vuto lake: kumafuna kudekha. Maluwa ambiri okhalitsa amatenga zaka ziwiri kapena zitatu asanaonetse kukongola kwawo, ndipo m'katimo zitsamba zosafunika zimalowerera. N'chifukwa chake eni nyumba ambiri amagula kapinga womera kale. Makampani amamulima pakansalu kopyapyala, udzu ndi maluwa zitasakanikirana, kenaka amamudula n'kumunyamula ngati mphasa. Mtengo wake ndi wokwera kuposa wa mbewu, koma munthu amaona maluwa chaka choyamba chomwecho.

Mphasa yotereyi siyalidwa pamwamba pa kapinga wakale. Woyala amayamba wachotsa udzu wonse ndi mizu yake, n'kusalaza dothi, osaika manyowa kapena kompositi. Ikafika sayigoneka masiku, chifukwa ikauma basi ndalama zalowa m'madzi. Amailumikiza bwino m'mbali, n'kuitsendera kuti mizu ikhudze dothi, ndipo masabata oyambirira amaithirira kwambiri mpaka madzi alowe pansi. Ikagwira, kuthirira kumatha.

Mphasa isanayalidwe m'pamene amakwirira mbewu za mtundu wina, zokhala ndi mutu wapansi wonga anyezi. M'gululi muli maluwa otchedwa crocus, daffodil ndi fritillary. Ntchito yake ndi kutseka mpata: maluwa a m'dambo amayamba kuoneka cha mu May ndi June, pamene anyezi amenewa amatulutsa maluwa kuyambira February, chisanu chisanatheretu, nthawi imene njuchi zongodzuka kumene zilibe chakudya. Amabzalidwa pakati pa September ndi November, m'dzenje lakuya kawiri kapena katatu kutalika kwa mutuwo, nsonga italoza kumwamba. Odziwa ntchitoyi sabzala m'mizere ngati chimanga. Amatapa dzanja limodzi, n'kumwaza, ndipo paliponse pamene mutu wagwera amakumba pomwepo, kuti pamapeto pake pazioneka ngati padamera pokha. Adani ake ndi agologolo ndi mbewa, zimene zimafukula mitu ing'onoing'ono, moti ena amayala waya wa khola la nkhuku pamwamba mpaka dothi litakhazikika.

Maluwa a anyeziwa akafota, masamba ake amaoneka onyansa ndipo dzanja limayabwa kufuna kuwadula. Pamenepa m'pamene ambiri amaphonya. Masambawo ndiwo amabwezera chakudya m'mutu wapansi, ndipo amafunika kusiyidwa masabata osachepera 6. Wowadula msanga chaka chamawa amangoona masamba okhaokha.

Pali chomera chimodzi chimene mlimi wa kuno angadabwe kumva kuti anthu amachigula ndi ndalama. Dzina lake ndi yellow rattle, ndipo ndi cha banja limodzi ndi kaufiti, uja amayamwa mizu ya chimanga ndi mapira mpaka munda kufiira. Nacho chimamata pamizu ya udzu n'kumauyamwa madzi ndi chakudya. Kusiyana kwake n'kwakuti m'dambo la maluwa udzu ndiye mdani, choncho mfiti imeneyi imalandiridwa ndi manja awiri. Pamene chakhazikika udzu umafupika ndi kupyapyala, maluwa n'kupeza malo. Mbewu yake imafesedwa chisanu chisanayambe chifukwa siimera isanazizidwe, ndipo popeza chomeracho chimafa chaka chilichonse, womweta mbewu zake zisanakhwime amachitaya chonse.

Ntchito yaikulu pachaka ndi imodzi: kumweta. Imachitika chakumapeto kwa July mpaka September, maluwa atakhwimitsa mbewu. Udzu womwetedwawo umasiyidwa pomwepo masiku angapo kuti uume ndi kuyoyola mbewu, kenaka umawoledwa wonse n'kuchotsedwa. Ukasiyidwa kuti uwolere pompo umasanduka manyowa, nthaka n'kulemera, udzu n'kubwerera paufumu. Choncho chaka ndi chaka mwini dambo amachotsako chonde osabwezera, zimene mlangizi wa zaulimi wa kuno angazitche kupha nthaka. Koma dambo losamwetedwa konse nalonso silikhalitsa, minga ndi zitsamba zimalilanda.

Mfumu Charles III idayamba ntchitoyi anthu ambiri asanaiganizire. Kunyumba yake ya Highgrove, idakali kalonga, idakhazikitsa dambo la maluwa m'zaka za m'ma 1980 mothandizidwa ndi katswiri wa zachilengedwe Miriam Rothschild, amene adasakaniza mbewu zake. Akamweta amalowetsamo nkhosa kuti zidye zotsalira ndi kupondereza mbewu m'dothi. Mu 2013, pokumbukira zaka 60 chivekedwereni ufumu mayi ake, Charles adayambitsa ntchito ya Coronation Meadows yoti dera lililonse la dzikolo likhale ndi dambo latsopano, mbewu zake zochokera m'dambo lakale la m'dera lomwelo.

Mfundo yotenga mbewu zapafupiyi ndi yofunika kwa aliyense amene angakopeke ndi zithunzi za kunjaku. Maluwa a ku England adazolowera chisanu cha kwawo. Nayonso nkhani ya udzu wautali pafupi ndi nyumba ndi yosiyana: ku Britain kuli njoka yaululu ya mtundu umodzi wokha, pamene kuno amene amasesa pabwalo mpaka mbee ali ndi zifukwa zake. Maluwa a Malawi ali ndi kwawo, monga paphiri la Nyika pamene m'dzinja pamamera mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, ena mwa iwo okhala ndi timitu tapansi timene anthu amakumba popangira chinaka.

Madambo akale amene adapulumuka ku England adapulumukira mwambo. Ku Cricklade, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, kuli dambo la North Meadow kumene kumapezeka pafupifupi 80 mwa maluwa 100 alionse akutchire a snake's head fritillary m'dziko lonselo. Duwali limawerama ngati mutu wa njoka ndipo lili ndi madontho ngati nkhanga. Kwa zaka mazanamazana lamulo la m'deralo lakhala limodzimodzi: udzu umamwetedwa m'chilimwe, ndipo kuyambira pa 12 August mpaka pa 12 February anthu a m'tauniyo ali ndi ufulu wodyetsamo ziweto. Chifukwa cha ufulu wa anthu wambawu, panalibe mwini malo amene akadatha kulowetsamo pulawo yekha.

Ku Cambridge kuja, mu August 2021, adabweretsa mahatchi awiri akuluakulu kudzakoka makina omwetera, chifukwa mapazi a hatchi saumbitsa dothi ngati matayala a thirakitala. Mitolo ya udzu wodzaza mbewu idagawidwa kwa ena mumzindamo ofuna kuyamba madambo awo.