Anthu a sikelo

Meyi akangolowa, m'misewu yochoka ku Tamanda kulowera ku Chipata mumayamba kuoneka masikelo atakolekedwa m'mitengo ya mango, lona atayalidwa pansi. Eni ake ndi mavenda, ogula chimanga, soya ndi mtedza. Ambiri ndalama si zawo. Amatumidwa ndi mabwana a m'tauni, iwo n'kumadyera pa kilo iliyonse. Alimi amawanena kuti ndi akuba, ndipo sikelo zoba zilipodi. Koma phindu lalikulu pa malondawa limachokera pa kudikira.

Mlimi amagulitsa atangokolola, mtengo uli pansi, poti fizi ya ana ndi ngongole ya feteleza sizimva za mawa. Bungwe la boma logula mbewu la FRA limadikira kuti chimanga chiume bwino, ndipo sililipira tsiku lomwelo. Venda amalipira pompopompo. Bwana wake amathira mankhwala a anankafumbwe, n'kutsekera matumba m'nyumba mpaka Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zitagwa m'midzi. Nthawi zina amene amadzagula pameda ndi mlimi yemwe uja.

Sikuti chaka chilichonse zimayenda choncho. Mu 2022 soya anali ndi mtengo wabwino, anthu anamudzala paliponse, ndipo mu 2023 mtengo unagwa moti ena anagulitsa molira. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Chimanga chokololedwa chaka chimenecho chinali cha matani pafupifupi 1.5 miliyoni, ndipo amene anali ndi matumba anaseka. Mu 2025 zokolola zinapitirira matani 3.6 miliyoni, chimanga chinachita kutayika pamsika.

Kuno kumalire mtengo umayenderanso mphekesera. Wina akangoimba foni kuti ku Mchinji chimanga chakwera, kapena kuti boma latseka chipata cha Mwami kuti chimanga chisatuluke, sikelo zonse zimasintha mtengo dzuwa lisanapendeke. Kaya nkhaniyo ndi yoona kaya ndi yabodza, zimadziwika mawa. Venda wochenjera amafunsanso kuti kwacha ya Malawi akusintha bwanji lero, chifukwa njinga zodutsa njira zachidule usiku zimatsata mtengo umenewo.

Amalonda akuluakulu a ku Lusaka amayang'ana mitengo ya pamsika wa SAFEX ku Johannesburg, kumene chimanga choyera chodzaperekedwa mu Julayi chimagulidwa papepala chisanamasule n'komwe. Ku Zambia kunakhazikitsidwa msika wa mbewu wa ZAMACE mu 2007, wokhala ndi malisiti a mbewu zosungidwa m'nyumba zovomerezeka, koma patsinde pa mango sunafike. Kumudzi malonda a mtsogolo alipo a mtundu wina: mlimi wopanikizika mu Febuluwale amalandira ndalama pang'ono n'kulonjeza thumba lathunthu pokolola, ndipo mtengo wake amatchula ndi mwini ndalama.