Katuni yomweyo tsiku ndi tsiku: mwanayu akufunamo chiyani?

M'nyumba zambiri za pa Ntcheu boma, pa Lizulu, pa Kampepuza ndi pa Tsangano Turn-off muli mkangano umene sutha. Magetsi akangoyaka, kapena batire ya sola ikangodzaza, mwana amathamangira katuni yomwe anaonera dzulo ndi dzana. Bambo akufuna mpira, mayi akufuna kwaya, koma mwana wakakamira filimu imene akuidziwa mpaka mawu ake pamtima.

Makolo ena amaseka, ena amada nkhawa kuti kapena mwana wawo mutu sukuyenda bwino. Koma khalidweli lilinso ndi akuluakulu. Alipo anyamata a kabaza, aphunzitsi ndi amayi a geni amene amasunga katuni imodzi m'foni, n'kumaibwereza tsiku likawavuta. Sanena pagulu poopa kutchedwa ana.

Mmene makatuni anafikira kuno

Dziko la Malawi linachedwa kukhala ndi wailesi yakanema. TVM inayamba kuulutsa m'chaka cha 1999, ndipo anthu ambiri a m'matauni ang'onoang'ono anayamba kuona mafilimu m'nyumba za vidiyo, zija zotchinga ndi mphasa kapena nsalu yakuda, zokhala ndi sipika panja. Mwini vidiyo ankakhala ndi matepi owerengeka, ndiye ankangowabwereza. Kenako kunabwera ma CD ndi ma DVD, ndipo lero filimu imalowa pa memori khadi kwa anyamata obena nyimbo pamsika.

Ngakhale zili choncho, kusankha sikunachuluke kwenikweni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno zinkaunikira magetsi, ndipo bandulo ya intaneti si aliyense angaikwanitse. Filimu imene ili kale m'foni sidya bandulo. Ichi n'chifukwa chimodzi chobwerezera, koma si chokhacho, pakuti ana a ku London ndi ku Johannesburg, amene ali ndi mafilimu osawerengeka, nawonso amakakamira imodzi.

Mkango umene sutopetsa

Imodzi mwa makatuni amene afalikira kwambiri ndi The Lion King, imene kampani ya Disney inatulutsa m'chaka cha 1994. Ndi nkhani ya Simba, mwana wa mfumu Mufasa. Mng'ono wake wa mfumuyo, Scar, amapha mkulu wake, n'kunamiza mwanayo kuti ndiye wachititsa imfa ya bambo ake. Simba amathawa, amakulira kwa alendo awiri, Timon ndi Pumbaa, kenako amabwerera kudzatenga zake.

Munthu wa ku Ntcheu safunika womumasulira nkhani imeneyi. Scar ndi bambo aang'ono amene akulanda za mwana wamasiye. Mchitidwe wolanda katundu wa amasiye unavuta kwambiri m'dziko muno, moti m'chaka cha 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, limene limati kulanda katunduyo ndi mlandu. Mwana amene anaona ziwiya zikutuluka m'nyumba maliro atangotha amaona mu filimuyi zimene anaona kwawo, kusiyana kwake n'kwakuti muno wolandayo amagonja.

Palinso ubale wina. Mawu amene amatsegula filimuyi ndi a Chizulu, ndipo anaimba ndi Lebo M wa ku South Africa. Chaka chomwecho cha 1994, filimu yonse anaimasulira m'Chizulu, koyamba kuti Disney ichite zimenezi m'chilankhulochi. Angoni a Maseko, amene ali pansi pa Inkosi ya Makhosi Gomani, makolo awo anachokera kummwera komweko, ndipo ngakhale Chingoni chinazilala pakamwa pa ambiri, chikadamvekabe m'nyimbo za ngoma. Pamene filimuyi anaikonzanso m'chaka cha 2019, mawu a Scar analankhula ndi Chiwetel Ejiofor, yemwe chaka chomwecho anatulutsa filimu ya William Kamkwamba wa ku Kasungu.

Akatswiri anapezanji?

Nkhani yobwereza zinthu anaifufuza kale. M'chaka cha 1968, katswiri wa za maganizo Robert Zajonc anasonyeza kuti munthu akaona chinthu kangapo amayamba kuchikonda, ngakhale palibe china chasintha. Chozolowereka sichiopsa.

Kwa ana, kubwereza ndi njira yophunzirira. Pulogalamu ya ana ya ku America yotchedwa Blue's Clues, imene inayamba m'chaka cha 1996, inkaonetsa gawo limodzi lomwelo masiku asanu otsatizana mwadala. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 1999 anapeza kuti ana a zaka 3 mpaka 5 amene anaonera kasanu anamvetsa bwino kuposa amene anaonera kamodzi, ndipo ankayankha nawo mafunso mokweza. Ulendo woyamba mwana amangotsata zithunzi. Ulendo wachitatu ndi wachinayi m'pamene amayamba kuzindikira chifukwa chimene uyu walirira ndi chimene uyo wathawira.

Kwa akuluakulu nkhani yagona pa kutopa. Jaye Derrick, ali pa yunivesite ya Buffalo, anapeza kuti anthu amene agwira ntchito yofuna kudziletsa kwambiri amakonda kubwerera ku filimu, pulogalamu kapena buku limene akulidziwa kale, ndipo zimenezi zimawabwezera mphamvu. Filimu yatsopano imafuna kuti munthu aloweze mayina, atsate nkhani, adere nkhawa mathero. Yakale siipempha kanthu. Mayi amene watandala pa Lizulu kulimbana ndi ogula kabichi ndi mbatata ya kachewere, osadziwa ngati mawa katundu ayenda, amapeza mphindi 88 zimene akudziwa chiyambi ndi mathero ake.

Naye Ed O'Brien wa pa yunivesite ya Chicago anasonyeza m'chaka cha 2019 kuti anthu amaganiza kuti kuonera kachiwiri kuwatopetsa, koma akaonera amasangalala kuposa mmene amayembekezera, chifukwa amaona tinthu timene tinawaphonya poyamba.

Agogo anayamba kale

Kunena zoona, izi si zachilendo kwa Amalawi. Nthano za Kalulu ndi Fisi zinkanenedwa kambirimbiri pamoto, ndipo palibe mdzukulu amene ankadandaula kuti anaimva kale. Agogo akati “Padangokhala”, ana ankayankha “Tili tonse” akudziwa bwino lomwe kumene nkhani ikupita. Agogo akalumpha gawo, ana ankawakumbutsa. Chimene ankafuna ndi kumva mawu odziwika, pa nthawi yodziwika, ali pafupi ndi munthu wowakonda.

Apa ndi pamene katuni imasiyana ndi nthano. Agogo ankaona nkhope ya mdzukulu, akaona kuti waopa ankafewetsa mawu. Foni siona nkhope. Ndipo ana ambiri masiku ano akukula bambo ali ku Joni kapena mayi ali ku Lilongwe pa ntchito, ndiye foni yotumizidwa kuchokera kutali ndiyo imakhala mlezi.

Pamene pafunika kusamala

Kubwereza filimu pakokha si matenda. Chofunika kuyang'ana ndi zimene filimuyo ikulowa m'malo mwake. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza m'chaka cha 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaikidwe pa kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Chifukwa chake n'chakuti nthawi imeneyo imadya ya kusewera, kugona ndi kulankhula ndi anthu.

Kwa wamkulupo, zizindikiro zodetsa nkhawa ndi kujomba kusukulu n'kukakhala ku vidiyo, kusiya anzake a phada kapena mpira, kusadya, kusagona, ndi kubwereza gawo limodzi lomvetsa chisoni n'kumalira yekha. Mwana wamasiye amene amabwezera m'mbuyo mobwerezabwereza pamene Simba akugwedeza mtembo wa bambo ake akhoza kukhala kuti akunena chinthu chimene pakamwa pakukanika. Kumulanda foni kumangotseka khomo limenelo. Ndi bwino kukhala naye pansi, kuonera limodzi, n'kumufunsa kuti akuganiza kuti Simba akumva bwanji. Nthawi zambiri mwana amayankha za iye mwini kudzera mwa kamkangoko. Ngati chisoni chikupitirira, achipatala, aphunzitsi, atsogoleri a mpingo kapena mzikiti ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma angathandize.

Chimodzimodzinso wamkulu. Kuonera katuni yokondedwa pambuyo pa tsiku lovuta kuli bwino kuposa kukathera ndalama ya ndiwo ku kachasu. Koma ngati ngongole ya banki m'khonde yakwana ndipo munthu akungobisala kuseri kwa foni, filimu ikatha ngongoleyo imakhala ilipobe.

Kuwonjezera pa mndandanda

Makolo amene atopa ndi filimu imodzi sayenera kuiletsa, koma angaikepo ina pambali. Kirikou, ya m'chaka cha 1998, inachokera pa nthano za kumadzulo kwa Africa. Zambezia, ya mu 2012, ndi nkhani ya mbalame za pa mathithi a mtsinje wa Zambezi, ndipo inakonzedwa ku Cape Town. Supa Team 4, imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix m'chaka cha 2023, analemba ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, ndipo atsikana ake anayi amakhala mu Lusaka.

Mwana akhoza kuonera zonsezi n'kubwereranso kwa Simba, ndipo palibe cholakwika. Tsiku lina adzaisiya yekha, monga anasiyira kuyamwa chala. Ntchito ya kholo pakadali pano ndi kuika nthawi yoonera, kuonetsetsa kuti homuweki yalembedwa kaye, ndi kupeza madzulo amodzi pa sabata oti foni ikhale pa tebulo, agogo kapena amayi ayambe nthano.